Shami yachikopa kapena ya m'botolo: yopukutira galimoto kuno kunyanja ndi iti?

Uthenga uwu wachokera kwa dalaivala wina wa ku Senga Bay, ndipo ndauika monga anaulembera, kupatula malonje okha:

"Bambo, ndili ndi Sienta yakuda imene ndimanyamulira anthu pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay. Ndinaitenga chaka chatha kudzera ku Dar es Salaam, ndipo inafika penti ikuwala ngati kalilole. Alamu anga pobwera kuchokera ku Joni ananditengera shami yachikopa chenicheni, ati ndiyo yabwino kuposa zonse. Ndinapukutira kangapo, kenako ndinaichapa ndi safu n'kuiyanika padenga la galimoto, ndipo pofika madzulo inali itauma gwa ngati chikopa cha ng'oma. Mnyamata amene amanditsukira akuti ndiitaye, ndigule yachikasu ija ya m'botolo lapulasitiki. Komanso ndayamba kuona timizere tambirimbiri pa boneti dzuwa likawomba. Kodi chikopacho ndicho chandikandira galimoto? Nanga ndigule iti?"

Achimwene, yambani mwakhazika mtima pansi, chifukwa pa zinthu ziwiri zimene zakudetsani nkhawazi palibe chimene chafika poti n'kusowa nacho tulo. Shami yanuyo mwachidziwikire sinafe, ndipo alamu anu sanakutengereni chinthu chachabe. Kuuma gwa ndi khalidwe la chikopa chilichonse chikanyowa kenako n'kuumitsidwa mwankhanza. Timizere ta pa boneti nato, malinga ndi mmene mwatifotokozera, ndi tija tapamwamba timene kawirikawiri timachoka ndi polishi. Ndakhala ndikuwongola ndi kupopera penti magalimoto kwa zaka zoposa 20, zambiri mwa zakazo konkuno ku Salima, ndipo funso lanuli ndalimva kwa anthu ochuluka, ena atakwiyira kale wogulitsa, ena atathamangitsa kale mnyamata wotsuka. Pafupifupi nthawi zonse mlandu umagwera nsalu, pomwe wolakwa weniweni ndi mchenga umene unatsala pa galimoto nsaluyo isanafikepo. Komabe poti mwafunsa za shami, tiyambire pomwepo, za mchengazo tizipeza kutsogoloku.

Dzinali limalembedwa kuti chamois ngakhale timalitchula kuti shami, ndipo ndi la kanyama konga mbuzi kamene kamakhala m'mapiri a ku Ulaya monga a Alps. Kalelo chikopa cha kanyamako ndicho ankachifufuta, koma masiku ano shami yachikopa imene mungaipeze m'sitolo ndi ya nkhosa, ndipo zikopa zambiri zotere zimachokera ku New Zealand, dziko loweta nkhosa kwambiri. Chikopacho amachisenda pakati, mbali yakubweya n'kuichotsa, kutsala mbali yakumnofu, imene amaifufuta ndi mafuta a nsomba za m'nyanja yamchere, makamaka yotchedwa cod. Mafutawo amalowerera mu ulusi wa chikopa n'kukhazikika momwemo, ndipo ndiwo amabweretsa mtundu wachikasu uja, kufewa kuja, ndi kafungo kamene munthu wa kuno akanunkhiza amakumbuka thandala la usipa. Mphamvu yonse ya shami yachikopa yagona pa mafutawo. Akakhalamo, chikopa chimamwa madzi olemera kangapo kuposa icho chomwe, chimatsetsereka bwino pa galasi osasiya kaubweya ngakhale kamodzi, ndipo chikasamalidwa chimatha zaka. Akachoka, chimasanduka chikopa wamba chouma.

Apa mwaona nokha chimene chinachitika. Safu anapangidwa kuti azichotsa mafuta pa zovala, ndipo sasiyanitsa mafuta a mu kolala ya shati ndi mafuta amene wofufuta anaika m'chikopa mwadala. Kuwonjezera apo munachiyala padenga la galimoto yakuda, lomwe masana a kuno limatentha moti dzanja silingakhalepo, choncho chikopa chinachita ngati chawambidwa. Kuchapa kamodzi kokha ndi safu nthawi zambiri sikumaliza mafuta onse, n'chifukwa chake ndikuti musafulumire kutaya. Chiviikeni m'madzi ofunda pang'ono, aja oti n'kusambitsira khanda, osati otentha, pakuti madzi otentha amakwinyitsa chikopa ndipo sichibwereranso. Musachipinde chisanafewe. Chikafewa chipakeni sopo wosambira wosaluma, monga wa ana, muchitikite m'manja, muchitsukuluze, koma m'madzi omaliza musiyemo kathovu pang'ono chifukwa kasopo kotsalako kamathandiza kuti chisaumenso gwa. Pofinya muzichikumbatira m'manja n'kukanikiza, osachipotokola ngati chitenje, poti kupotokola kumadula ulusi wake. Kenako muchikoke mbali zonse kuti chibwerere msinkhu wake, muchiyanike pamthunzi podutsa mphepo, ndipo chikatsala pang'ono kuuma muchifikise m'manja mpaka chifewe. Chikayamba kung'ambika chokha, kapena kuterera ngati therere n'kumasiya tizidutswa pa galasi, pamenepo ndiye chatha ndithu.

Ya m'botolo imene mnyamata wanu akunena si chikopa ngakhale pang'ono. Imapangidwa ku fakitale kuchokera ku mankhwala otchedwa PVA, ndipo kwenikweni ndi siponji yopyapyala yokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso; zina amaziika kaukonde mkati kuti zisang'ambike. Imamwa madzi mofulumira kwambiri, ukaifinya kamodzi imakhala yokonzeka kumwanso, ilibe mafuta oti n'kuchoka, ndipo imapirira sopo ndi manja a anthu osiyanasiyana kuposa chikopa. Akatswiri odumphira m'madzi pa masewera a Olympics amapukutira thupi kansalu kamtundu womwewu, chifukwa kamagwira ntchito ngakhale kali konyowa. Nayonso ikauma imalimba ngati katoni, koma kumeneko si kuwonongeka. Ukaiviika kanthawi kochepa imafewa monga kale, bola usaikakamize kutambasuka ili youma chifukwa imathyoka m'mapindo. Chilema chake n'chakuti imamatirira pa penti ngati ikuyamwa, moti wopukuta amakakamizika kukoka ndi mphamvu, ndipo kukoka ndi mphamvu pa galimoto imene sinatsukuluzidwe bwino ndi tsoka. Palinso ina yonga bulangete lopyapyala, yachikasu kapena yaolenji, yopangidwa ndi viscose, imene ogulitsa ena amaitchulanso shami. Imeneyo ine ndimaisiyira mkati mwa galimoto ndi m'mphepete mwa zitseko, pakuti sichedwa kunyenyeka.

Tsopano tifike pa timizere tanu, poti nkhani yaikulu yagona pamenepo. Penti ya galimoto ngati yanuyi ili m'magawo: pansi pali pulaima yomatira ku chitsulo, pakati pali mtundu wakudawo, ndipo pamwamba pali vanishi yoonekera mkati imene ife opopera timaitchula kuti clear coat. Kuwala konse kumene munakuona galimoto ikufika kuchokera ku Dar es Salaam ndi kwa vanishi imeneyi, ndipo kukhuthala kwake kumangokhala pafupifupi theka la pepala limodzi la A4. Mchenga wa kunyanja kuno mbali yake yaikulu ndi mwala wa quartz, umene ndi wolimba kuposa galasi lenilenilo, ndiye vanishi yopyapyala chotero singalimbane nawo. Shami yachikopa payokha ndi yofewa kuposa vanishi, ya m'botolo chimodzimodzi, ndipo zonse ziwiri zikakhala zoyera sizingakande galimoto. Vuto lake n'lakuti zonse ziwiri ndi zosalala, zilibe ubweya wautali woti kamchenga kabisalemo. Kamchenga kakakhala pakati pa shami ndi penti kalibe kothawira, choncho kamakwekwerezedwa kuchoka uku kufika uko, dzanja lanu likukanikiza pamwamba pake. Pa nkhani yokanda, chikopa ndi pulasitiki ndi pachibale, ndipo amene angakuuzeni kuti mukasintha shami timizere tisiya kubadwa sanakuuzeni zoona.

Timizereto timaoneka ngati tazungulira dzuwa monga ukonde wa kangaude, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti n'chifukwa chopukuta mozunguliza dzanja. Kunena zoona ndi timizere tolunjika mbali zosiyanasiyana, kungoti timene timanyezimira m'maso mwanu ndi tokhato tagona mopingasa kuwala kwa dzuwa, n'chifukwa chake mukasuntha ukondewo umasuntha nanu. Pa galimoto yoyera kapena yasiliva timakhalaponso koma sitioneka kwenikweni. Pa yakuda kalikonse kamaonekera poyera. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo amene wasankha galimoto yakuda m'dera la mchenga ndi mwera wasankhanso ntchito yoisamala.

Zimenezi ndinaziphunzira ndi manja angawa. Ndidakali wachinyamata pa ntchitoyi ndinapopera penti yakuda pa galimoto ya kasitomala wina, inatuluka bwino moti ndinkaima patali n'kumaisirira. Tsiku loti abwere kudzaitenga linali la mwera wamphamvu, m'mwezi wa Julaye, ndipo ndinaitsuka panja, kenako n'kulowa m'kati kukatenga shami yanga yachikopa imene ndinkaisunga ngati dzira. Kumeneko ndinachedwako pang'ono ndi munthu wina wofunsa mtengo. Potuluka ndinapeza madontho a madzi pa boneti atagwira kafumbi kofiirira, koma poona kuti n'kochepa ndinangoyala shami n'kukoka. Nditaisunthira padzuwa, boneti yonse inali ndi timizere ngati pakwawa mphaka, ndipo penti yatsopano imakhala isanalimbe kwenikweni, choncho tinalowa ndithu. Ndinakhala mpaka usiku ndikupolisha, ndipo shamiyo nditaitsukuluza m'beseni loyera, pansi pake panadikha timchenga toti n'kuwerenga. Shamiyo inalibe mlandu, ndipo ndinaigwiritsabe ntchito zaka zina pambuyo pake.

Nanga mugule iti? Mukanakhala munthu wa galimoto yopitira ku tchalitchi ndi ku ukwati, yotsukidwa kamodzi pa sabata ndi mwini wake, ndikanati chikopa chimene muli nachocho chikukwanirani, pakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Koma yanu ndi ya bizinesi, imatsukidwa mwina tsiku lililonse, m'mamawa mukuthamangira okwera, ndipo wotsuka ndi mnyamata amene ali ndi magalimoto ena pamzere. Chikopa chimafuna munthu mmodzi wodekha amene azichichapa ndi sopo woyenera, kuchikoka, kuchiyanika pamthunzi ndi kuchiviikanso mawa lake, ndipo mwambo umenewu pa car wash sungatheke. Tsiku lina chidzagwera m'ndowa ya safu, tsiku lina chidzaiwalidwa m'buti chili chonyowa. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku mnyamata wanu wanena zoona, gulani ya m'botolo. Pamene walakwitsa ndi ponena kuti yachikopayo mutaye. Isungeni inuyo, ikhale ya magalasi okha, chifukwa pa galasi lakutsogolo sindinaonebe nsalu imene imasiya poyera ngati chikopa chosamalidwa bwino, ndipo dalaivala woyenda m'bandakucha kapena madzulo moyang'anizana ndi magetsi a anzake amadziwa kuipa kwa galasi lamizeremizere.

Ngati thumba likulola, pali chinthu chachitatu chimene pa penti yakuda ndimachiika patsogolo pa shami zonse ziwiri, ndicho thaulo la microfibre lopukutira galimoto. Limalukidwa ndi ulusi wa polyester ndi polyamide wopyapyala kwambiri kuposa tsitsi, ndipo ubwino wake ndi womwe uja shami ilibe: lili ndi ubweya, choncho kamchenga kotsalira kamalowa m'kati mwa ubweyawo m'malo mokwekwerezedwa pa vanishi. Sankhani lokhuthala, lopanda msoko wolimba m'mphepete, ndipo kachikwangwani kosokedwa pakona mukadule musanayambe kuligwiritsa ntchito chifukwa nako kamakanda. Koma ubweya womwewo ndi umene umalichititsa kugwira chilichonse. Mukaliyanika pa udzu kapena pa mpanda, lidzatola njere za chisoso ndi tizitsotso timene mudzatha ola lathunthu mukutola kamodzikamodzi, ndipo likagwa pansi pa mchenga silibwereranso pa penti mpaka litachapidwa mokwanira. Lichapeni palokha, osasakaniza ndi zovala zathonje, osathira mankhwala ofewetsera zovala chifukwa amatseka ulusi wake n'kuleka kumwa madzi, ndipo lisaone simbi. Amene ndimagwira nawo ntchito amadziwa kachitidwe kanga: ya m'botolo imachotsa madzi ambiri, thaulo n'kumalizitsa.

Chimene chingapulumutse boneti yanu kuposa kugula kulikonse ndi katsukidwe. Galimoto ikachoka ku Senga Bay imakhala itavala fumbi ndi mchenga, ndipo chinthu choyamba kuikhudza chiyenera kukhala madzi okha, ochuluka, othiridwa kuyambira padenga kutsika, siponji isanafikepo. Anyamata ambiri amayamba ndi kuphumitsa fumbi ndi chiguduli chouma galimoto ili pa siteji, ndipo ndikukhulupirira kuti timizere tanu tambiri tinabadwira pamenepo, osati pa shami ya alamu anu. Pakhale ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina ya madzi oyera otsukuluziramo siponji isanabwererenso m'sopo, kuti mchenga uzitsala m'ndowa yachiwiriyo. Sopo akhale shampu ya galimoto. Safu amachotsa polishi woteteza penti, ndipo timibulu take tosasungunuka timakanda. Siponji ya matayala ndi m'munsi mwa zitseko ikhale yosiyana ndi ya pamwamba. Nkhungu, tizilombo touluka tija, zikatuluka m'nyanja n'kumatirira kutsogolo, kapena mbalame zikaipitsa padenga pansi pa mtengo wa mango, yalani nsalu yonyowa pamalopo kwa kanthawi kuti zifewe, osazikhula zili zouma. Mukatha kutsukuluza komaliza, yendetsani chikhatho mopepuka pa boneti yonyowayo, ndipo mukamva kukhakhala kulikonse, thiraninso madzi shami isanayandikire.

Za kutsikira ndi galimoto m'nyanja momwe, monga ena amachitira m'madooko, ine ndimaletsa. Madzi a m'mphepete amakhala atavunduka ndi mafunde, choncho ndowa iliyonse imabwera ndi mchenga wake, mafuta a injini ndi sopo zimalowa m'madzi amene ena akumwa ndi kuweza, ndipo wotsukayo akuima m'madzi osaya momwe likodzo limapezeka. Ngati madzi ake ndi a m'nyanja basi, atungeni m'mbiya kapena m'dilamu, adikhe usiku wonse, muzitunga apamwamba okha.

Popukuta penipeni, shami iliyonse iyambe yaviikidwa ndi kufinyidwa, chifukwa youma simwa madzi ndipo imakanda. Itambasuleni yonse, muiyale pa denga kapena pa boneti, muigwire makona awiri a kufupi nanu n'kuikoka pang'onopang'ono ngati mukuchotsa nsalu pa tebulo, kulemera kwake kokha kugwire ntchito, osakanikiza ndi chikhatho. Pa penti yakuda ndi bwinonso kungoiyala, kuisisita pamwamba kuti imwe, n'kuinyamula osakoka n'komwe. Yambani magalasi, kenako denga, boneti, ndi zitseko kuchokera pamwamba kulekezera pakati. M'munsi mwa zitseko, mabampala, malimu ndi m'mphepete mwa buti mukhale ndi chiguduli chakechake, pakuti kumeneko mchenga sutheratu ngakhale mutatsuka bwanji. Mukamaliza chigawo chilichonse muitsukuluze m'ndowa ya madzi oyera, osangoifinyira pansi n'kupitiriza. Tsiku la mwera funani malo obisika ku mphepo, ndipo pakati pa kutsukuluza ndi kupukuta pasapite nthawi, monga mmene ine ndinachitira tsiku lija.

Mwina mukudzifunsa kuti bwanji osangoisiya galimoto iume yokha, poti kupukutako ndiko kukubweretsa mavuto. Madzi a m'mijigo ina ya kuno ali ndi mchere wa calcium ndi magnesium, womwe uja umayeretsa mkati mwa ketulo, ndipo dontho lililonse likauma pa penti limasiya kamphete koyera. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kuno kumatentha moti ndi mthunzi womwe umaotcha, madzi amauma pa chitsulo musanazungulire n'komwe mbali inayo, ndipo timphete totere tikaphikidwa ndi dzuwa masiku angapo timadya vanishi n'kusiya chipsera chimene shami singachotse. N'chifukwa chake muzitsuka m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pamthunzi, boneti itazizira, osati mutangofika kumene kuchokera pa ulendo. Timphete tatsopano timachoka ndi viniga woyera wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana: pakani pamalo pozizira, dikirani pang'ono, tsukuluzani bwino, ndipo mupakenso polishi pamalopo poti viniga amamuchotsa. Polishi wa wax wopakidwa miyezi ingapo iliyonse amathandizanso kuti madzi azitsetsereka okha, shami n'kutsala ndi ntchito yochepa.

Kasungidwe ka ziwirizi ndi kotsutsana, ndipo ambiri amasokoneza pomwepa. Ya m'botolo imabwezedwa m'botolo mwake ili yonyowa pang'ono, koma itsukuluzidwe kaye bwino, chifukwa kutentha kwa kuno kukakumana ndi litsiro m'botolo lotseka, pakatha masiku ochepa imanunkha ndi kuchita chuku. Ngati galimoto iima sabata zingapo, ndi bwino kuiumitsa kotheratu pamthunzi, mudzaiviike podzaifuna. Botololo lisakhale pa dashibodi pamene dzuwa limawomba. Yachikopa ndiye isatsekeredwe m'pepala lapulasitiki ili yonyowa ngakhale usiku umodzi, chifukwa ndi chikopa cha nyama ndipo chimawola. Ikauma ipachikeni pamalo okwera. Ine ina ndinaisiya pa shelefu mu galaja, ndipo m'mawa ndinapeza makoswe atadya pakati pake n'kusiya bowo loti mutu wa mwana n'kulowa. Kafungo ka nsomba kaja kwa khoswe, mphemvu ndi galu ndi ndiwo. Jiki asayandikire iliyonse mwa ziwirizi, ndiponso musapukutire petulo kapena gilisi.

Mukadzafuna kugulanso yachikopa, kaya ku Lilongwe kaya kwa oyenda nazo m'manja, dziwani kuti mawu akuti chamois amalembedwa pa mapaketi a zinthu zambiri zimene sizinaonepo nkhosa. Yeniyeni siikhala ya makona anayi ofanana ndendende, m'mphepete mwake mumakhotakhota motsata thupi la nyama, pena ndi yokhuthala pena yopyapyala, imatamuka mukaikoka, ndipo kafungo ka mafuta a nsomba kamamveka. Iyang'aneni moyang'anizana ndi kuwala kuti muone ngati ilibe malo opyapyala kwambiri oti n'kubooka msanga. Zija zolumikiza tizidutswa ndi ulusi n'zotsika mtengo, koma misoko yake imasunga mchenga, choncho pa penti yakuda zisafikepo. Yatsopano iyambe yachapidwa kangapo m'madzi ofunda ndi sopo wofewa mpaka madzi aleke kuchita chikasu, apo ayi mafuta otsalira adzapaka galasi lonse. Ya PVA yabwino mumaipeza m'botolo ili yofewa ndi yonyowa pang'ono, yokhuthala, yosamata ngati chingamu.

Tibwerere ku timizere timene tilipo kale, poti kusintha katsukidwe kumaletsa tatsopano koma sikufufuta takale. Tsukani boneti, muiumitse, kenako muthire madzi pang'ono pa malo okandikawo. Timizere tikazimiririka pamene panyowa, ndiye kuti tili m'vanishi mokha. Yendetsaninso chikhadabo mopingasa kamzere kamene kakuoneka kakakulu. Chikadutsa osakodwa, kameneko kangachoke. Totere mungatichepetse nokha ndi polishi wofewa ndi nsalu ya microfibre, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, pamthunzi. Koma musagule kompaundi, phala lokhakhala lopalira penti lija, n'kuyamba kukhula ndi mphamvu, ndiponso musalole aliyense amene wangobwereka makina opolishira kuti aphunzirire pa galimoto yanu. Kupolisha ndi kusenda vanishi pang'ono kuti ifanane ndi pansi pa kamzere, ndipo vanishi yochepa ngati theka la pepala ija siphukanso ikatha. M'makona ndi m'mizere ya bodi makina amaboola m'kuphethira kwa diso. Pitani kwa wopopera penti amene ntchito yake munaionapo pa galimoto ina yakuda, ndipo mumupemphe ayambe wayesa pa kamalo kakang'ono, muonere limodzi padzuwa asanapitirize.

Pali zizindikiro zina zimene polishi sangathandize, ndipo mukaziona musataye ndalama pa mabotolo a m'sitolo. Denga kapena boneti ikayamba kuchita zigamba zoyera ngati chikanga, kapena vanishi ikamasupuka ngati khungu la njoka, ndiye kuti dzuwa laipsereza ndipo chigawocho chikufunika kupoperanso. Chikhadabo chikakodwa m'kamzere, pansi pake n'kumaoneka mtundu wotuwa wa pulaima, kamzereko kadutsa vanishi ndi mtundu womwe, ndipo kafunika kudonthezamo penti yofanana. Nambala ya mtundu wa galimoto yanu ili pa kachikwangwani ka fakitale kamene kamakhala pa mphuthu ya chitseko kapena m'chipinda cha injini, ndipo wosakaniza penti adzaifuna. Mukaona chitsulo chenicheni chikunyezimira pansi pa kamzere, bwerani nayo mvula isanayambe, chifukwa ndi chinyezi cha kunyanja kuno dzimbiri silichedwa kulowa pansi pa penti, ndipo ntchito imene lero ndi ya kabulashi kakang'ono idzafuna kupala chitseko chonse.